Zelifa ndi Malume wa M'madzi

Zelifa ankakhala m'tsinde mwa phiri la Michesi. Anali mu Sitandade 2. M'kalasi mwawo munali thanki yagalasi. M'thankimo munali maudzu a m'madzi ndi nsomba zisanu. Dzina la nsombazo linali magupi. Zinali zazing'ono ngati chala cha mwana. Imodzi inali yonenepa kuposa zinzake.

Sukulu itatsekera, aphunzitsi ake, Madamu Bertha, anapereka thankiyo kwa Zelifa. Anamuuza kuti azisamale nsombazo mpaka tsiku lotsegulira. Zelifa anakondwa. Anachitanso mantha pang'ono.

M'mawa uliwonse ankaziwerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu.

Koma chinthu chimodzi chinkamudandaulitsa. Nsombazo zinali ana okhaokha. Zinalibe wamkulu. Kwawo kwa Zelifa ana sakhala opanda malume. Iye anali nawo ake, amalume a Makina, a ndevu zambiri.

Tsiku lina Zelifa anapita kumtsinje kukachapa. M'kadziwe anaona kamlamba. Anakagwira ndi beseni. Kanali ndi ndevu zazitali!

"Iwe ukhala malume wa magupi," anatero Zelifa. Anakaika m'thanki muja.

Kutacha, Zelifa anawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Anawerenganso. Zinali zinayi basi.

Zelifa anayang'ana mphaka wawo. Mphaka anangoyasamula, osalakwa kanthu. Komabe Zelifa anavindikira thanki ndi lichero. Pamwamba anatsikizapo mwala.

Kutacha, Zelifa anawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu. Lichero linali pomwepo. Mwala unali pomwepo. Nanga nsomba yapita kuti? Lolemba sukulu itsegulira. Akanena chiyani kwa Madamu?

Kenaka belu la njinga linalira panja. Anali amalume a Makina. Anapeza Zelifa akulira. Anasuzumira m'thanki.

"Zeli, wandevu uyu wamuika muno ndani?"

"Ndine, amalume. Ndimati azilera ana ngati inu."

Nthawi yomweyo kamlamba kanayenda. Kanayenda pang'onopang'ono. Kanalunjika pa gupi wonenepa uja. Kanayasama. Pakamwa pake panali papakulu zedi!

Zelifa anachita mantha, koma sanathawe. Anatola sefa ya ufa ya amayi. Anavuula kamlamba kaja. Kanagwera m'beseni, phava!

Amalume anakhala pansi. Anamuuza kuti nsomba zonse sizigwirizana. Yaikulu imameza yaing'ono.

"Posankha mnzake wa nsomba, usayang'ane ndevu," anatero amalume. "Yang'ana pakamwa. Pakhale papang'ono ngati pa magupi."

Zelifa anayang'ana pakamwa pa amalume. Amalume anatseka pakamwa msanga. Zelifa anaseka, misozi ili m'maso. Awiriwo anakabweza kamlamba kumtsinje.

Koma nsomba zinali zitatube.

Lolemba linafika. Amalume anamanga thanki panjinga. Ankaikankha pang'onopang'ono. Zelifa ankatsatira pambuyo. Njira ya kusukulu inafupika tsiku limenelo. Iye sankafuna kufika msanga.

Madamu Bertha anali pakhomo la kalasi. Zelifa anagwada. Ananena zonse. Ananena za ndevu. Ananena za pakamwa. Sanabise kanthu.

"Zatsala zitatu, Madamu. Pepani."

Madamu sanakalipe. Anawerama n'kuyang'ana m'thanki. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Zitatu? Tawerenganso. Yang'ana m'maudzumo."

Zelifa anayandikira galasi. M'maudzu a m'madzi munali timaso. Munalinso timichira. Tinali tating'ono ngati njere za mpunga. Gupi wonenepa uja sanalinso wonenepa.

Madamu anati magupi saikira mazira. Amabereka ana. Anati sefa ija inapulumutsa mayi ndi ana ake omwe.

Zelifa anawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Zala za dzanja limodzi zinatha. Zala za dzanja linalo zinathanso. Anabwereka zala za amalume.

"Tsiku lina tidzazipezera anzawo," anatero Madamu. "Udzasankha ndiwe. Udzayang'ana chiyani?"

"Pakamwa, Madamu."

"Nanga malume wa magupi akhala ndani?" anafunsa amalume a Makina.

Zelifa anaganiza pang'ono.

"Ndine," anatero. "Ndevu ndilibe, koma ndiziwalera."