Mafuta Amene Sanapemphereredwe

Zimene ndikulemba pano ndinazimva kwa mkazi wa mkulu wa mpingo, ndipo ndikuzifotokoza monga anandiuzira. Ambuye atichitire chifundo tonse.

Tsiku lina madzulo mayiyo ankaanula zovala pachingwe. Atafika pa jekete la mwamuna wake, anapeza ntchentche zitaunjikana pathumba limene ankasungamo botolo la mafuta odzozera odwala. Jeketelo linali lochapa, koma linkanunkha ngati tsitsi lopserera. Galu wawo anangolinunkhiza kamodzi n'kuthawa akulira.

Mumpingomo munali chizolowezi chakuti botolo limenelo lisaume. Mafuta akatsala pang'ono, amayi osesa m'tchalitchi ankathiramo ena. Onse ankakhulupirira kuti madalitso a mafuta akale amalowa mwa atsopanowo, motero panalibe amene ankawapemphereranso.

Woyamba kufa anali mmisiri womanga nyumba. Ankangodwala malungo. Mkulu anamudzoza, ndipo m'mawa mwake anapezeka khosi litapotokoledwa, nkhope itayang'ana kumsana. Pachipumi, pamene chala chinalemba mtanda, khungu linali litasendeka mpaka fupa kuonekera. Kenaka telala naye anadzozedwa, n'kupezeka pansi pa makina ake lilime litazulidwa. Oyandikana naye anati anamva ngati anthu akukoka thumba lolemera padenga, ndipo fungo la tsitsi lopserera linadzaza bwalo lonse.

Kumpope amayi anayamba kunong'onezana.

"Akulu aja sakudzoza ayi. Akuika chizindikiro, ngati pa mbuzi zokaphedwa."

"Ine ndikadwala musawaitane. Bola chifuwa changachi."

Posakhalitsa mwana wa mkuluyo, mtsikana mmodzi yekhayo, anagwidwa ndi malungo aakulu. Thupi linatentha, maso anatembenuka.

"Bambo ake, musamudzoze mwanayu," anatero mayiyo atatseka pakhomo la chipinda.

"Mayi ake, mafuta si mankhwala. Buku likuti wodwala aitane akulu, amupempherere ndi kumudzoza m'dzina la Ambuye. Mafutawo amangonena kuti munthuyu ndi wa Mulungu."

"Nanga mmisiri uja sanali wa Mulungu?"

 Mlongo wa mkuluyo, mayi wamasiye amene ankakhala nawo pakhomopo, anali akupukuta mwanayo ndi kansalu konyowa. Iye anati, "Alamu, kapumeniko. Ndikhala naye ine."

Masana a tsiku lomwelo anthu anafika ndi miyala ndi mipini, atatsogozedwa ndi mchimwene wake wa mmisiri uja.

"Tuluka, m'busa wa kumanda iwe!"

Anamukokera mkuluyo pabwalo. Mpini unatera pamkono wamanja ndipo fupa linamveka kuthyoka. Wina anamuponda kukamwa, mano n'kugwera m'fumbi. Mkazi wake atadziponya pamwamba pake, anamugwira tsitsi n'kumutayira kumbali. Kenaka anasolola botolo lija m'thumba la mkuluyo n'kumufumbatitsa m'dzanja lamanzere.

"Dzidzoze wekha tione!"

"Ndidzidzoza," anatero mkulu akulavula magazi. "Koma ndiloleni ndiyambe ndawapempherera."

"Kodi sanapemphereredwe?" anafunsa wina.

Mkulu anayang'anitsitsa botololo. Mafuta amene iye anadalitsa ndi pakamwa pake anali atatha kalekale. Mafuta omwe ankadzozera anthu tsopano, iye sankadziwa n'komwe kumene anachokera.

Anagwada n'kupemphera motsitsa, mawu akutuluka movutikira. "Ambuye, munapatula ansembe ndi mafumu ndi mafuta. Patulani awanso akhale anu. Ngati ali ndi mwini wina, muonetseni."

Mafutawo anayamba kuwira m'dzanja lake. Anada bii, ndipo tsitsi ndi tizidutswa ta khungu zinayandama pamwamba. Botolo linaphulika. Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka kukuwa kosafanana ndi kwa munthu.

Mlongo wa mkulu anatuluka akuthamanga, dzanja lamanja likufuka utsi, mnofu wa zala ukusungunuka ngati kandulo.

"Si ameneyu wakhala akusesa m'tchalitchi?" anakuwa mayi wina.

Miyala inamugwera mlongo wa mkuluyo ngati matalala. Mwala wina unamung'amba pamwamba pa diso, koma sanagwe. Mchimwene wa mmisiri atamugwira, wamasiyeyo anamuluma khutu n'kulidula, nalumpha mpanda wautali kuposa munthu. Amene anamuthamangira anabwerako opanda kanthu.

Mayi a mwana anathamangira kuchipinda. Pachipumi pa mtsikanayo pankanyezimira mtanda wa mafuta akuda.

"Wakudzoza ndani, mwanangu?"

"Azakhali. Akuti abwera kudzanditenga kukada."

Mkulu analowa chokwawa, mkono ukulendewera. Anthu amene anamumenya aja anaima pakhomo, mitu ili pansi.

"Mayi ake, ndipatseni mafuta ophikira."

"Ophikira, bambo ake?"

"Omwewo. Thirani m'kambale."

Anawapempherera nthawi yaitali. Atatha anapukuta chipumi cha mwanayo ndi malaya ake, naviika chala cha kumanzere n'kulemba mtanda pamalo pomwepo. "Uyu ndi wa Yesu," anatero. "Wina aliyense alibe naye gawo."

Dzuwa litalowa anthu onse anabalalika, aliyense kukadzitsekera kwake. Makolowo anakhala pamphasa atamuika mwana pakati, akuyimba nyimbo motsitsa. Mayiyo sanafune kundiuza zonse zimene anamva kunja kwa chitseko, ndipo ine sindinamukakamize. Anangoti sanaleke kuyimba.

Kutacha mtsikanayo anatsegula maso n'kupempha madzi. Mayi ake ponyamuka kuti akatunge, chitseko chinavuta kutseguka. Atachikankha mwamphamvu anaona kuti kunja kwake thabwa linali litakalidwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo zikhadabo za munthu zinali zitatsalira m'menemo, magazi ake asanaume.