Ndowa ya Mchenga Wakuda

Tsiku limene anakumana koyamba, mtsikanayo anamukalipira mnyamatayo pamaso pa makamera atatu.

Munali m'shedi yakale yosungiramo nsomba, pafupi ndi doko. Panali patatha masiku asanu chiombereni pamwala sitima yonyamula mafuta n'kung'ambika pamimba. Mafuta akuda bii, onanda ngati phula, anali atakuta gombe lonse. Asodzi anakokera mabwato awo kumtunda. Mbalame za m'madzi zinkangogwa pamchenga, mapiko atamatana.

M'shedimo anandandalikamo mabeseni, mathaulo akale, miswachi ndi sopo wotsukira mbale. Woyang'anira ntchito yosambitsa mbalamezo anali mtsikana wothandizira dokotala wa ziweto. Anali wochepa thupi koma mawu ake ankamveka mpaka kugeti, motero anthu amene anadzipereka kudzathandiza anamupatsa dzina loti Kapitawo.

M'mawa umenewo kunja kunabuka chiphokoso. Atsikana anataya miswachi n'kuthamangira kukhomo.

"Ndi Mkokomo! Mayo ine, Mkokomo weniweni!"

Ndani sankamudziwa woimba ameneyu? Nyimbo zake zinkalira m'maminibasi, m'masaluni ndi pamaukwati. Analowa atavala zoyera zokhazokha, manejala wake ali pambuyo kulozera ojambula poti aime. Mkokomo anawerama, n'kutola kabakha kakuda ndi mafuta, n'kumwetulira kamera.

"Ikeni pansi mbalameyo!" anakuwa Kapitawo. "Mukuipanikiza pachifuwa, ifa! Kuno si kusiteji, bambo. Ngati mwabwerera zithunzi, panja pali malo ambiri."



"Kodi mayi, mukumudziwa amene mukulankhula nayeyu?" anafunsa manejala.

"Ine ndikumudziwa. Mbalameyi ndi imene sikumudziwa."

Mkokomo anaibweza mbalame ija m'katoni mosamala, n'kutuluka. Kapitawo anaganiza kuti basi zathera pomwepo.

Koma kutacha, atafika kudzatsekula shedi, anapeza munthu atakhala pasitepe. Anali yekha, atavala ovololo yakale ndi jombo zomukulira.

"Mwadzuka bwanji, a Kapitawo? Ndabwera kudzafunsira ntchito. Sukulu ya mbalame sindinapiteko, koma ndimamva ndikauzidwa."

Anamupatsa ntchito yoipitsitsa, yotaya madzi akuda a m'mabeseni. Mkokomo anaigwira tsiku lonse osadandaula. Tsiku lachitatu anaphunzira kugwira mlomo wa vuwo, chimbalame cha mlomo wautali chodya nsomba. Vuwoyo anamujompha pachibwano, shedi yonse n'kufa ndi phwete.

"Mwaona? Ngakhale mbalame zikukukanani," anatero Kapitawo akumumata pulasitala.

"Zindikane zonse, bola Kapitawo wake asandikane."

Mtsikanayo anayang'ana kumbali. 

Kubwera kwa Mkokomo kunasintha zinthu. Atangolemba patsamba lake kuti kukusowa mathaulo ndi magolovesi, malole awiri anafika atadzaza. Achinyamata anabwera m'magulumagulu kudzapala mchenga. Masana iye ankapita kugombe kukathandiza mchimwene wake wa Kapitawo, msodzi amene maukonde ake onse anali atawonongeka ndi mafuta. Awiriwo anagwirizana ngati anabadwa bere limodzi.

Ndiye panali mauthenga apafoni pakati pa Mkokomo ndi Kapitawo.

"Wadya, duwa langa? Kapena ukudyetsabe ana ako a nthengawo?"

"Gwira ntchito iwe. Ndikukuona pawindo, wangotsamira fosholo."

"Ndatsamira chifukwa miyendo yafooka. Wandiyang'ana kawiri."

Tsiku lina akuyanika mathaulo kuseri kwa shedi, Mkokomo anamugwira dzanja.

"Wapamtima wanga, anthu amandiimbira m'manja, koma palibe amene anandiuzapo zoona ngati iwe. Ndikulonjeza, sindidzakunamiza. Ngakhale choona chikhale chowawa, udzachimva kuchokera pakamwa panga."

Kapitawo anamukhulupirira ndi mtima wake wonse.

Patatha milungu itatu, Mkokomo anapita mumzinda waukulu kukajambulitsa uthenga wopempha anthu ena kuti abwere kudzathandiza. Manejala ndiye anakonza zonse. "Masiku anayi okha, ndibweranso," anatero pokwera galimoto.

Tsiku lachitatu, Kapitawo anafika kunyumba atatopa, n'kudziponya pampando. Amayi ake anali akusita zovala, TV ili chiyatsire. Mwadzidzidzi nkhope ya Mkokomo inadzaza galasi lonse. Ankamwetulira. Kumbuyo kwake kunali mchenga woyera mbee, ana akusewera m'madzi.

"Gombe lathu layera!" anatero ndi mawu ake okoma aja.

Kenako panatuluka chizindikiro cha kampani ya sitima ija, ndi mawu akuti ntchito yoyeretsa yatha, makina oyeretsera gombe achotsedwa Lolemba.

Kapitawo anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Layera? Gombe lake liti? Tsiku lomwelo anali atakwirira mbalame khumi ndi ziwiri! Ukakumba mchenga ndi chala chokha, pansi pake pankatuluka phula. Makinawo akachoka, ndani adzachotse zimenezo? Nanga ana akayamba kusamba mmenemo?

"Si mnyamata wako uja ameneyu?" anafunsa amayi, simbi ili m'mwamba.

"Si wanga, amayi. Ndi wa kampani."

Foni inayamba kulira. Anali Mkokomo. Anaidula. Inaliranso, anaidulanso. Kenako anamulembera kuti, "Wagulitsa gombe, wagulitsa mchimwene wanga, wandigulitsa ine. Usadzandiimbirenso." Atatero anaitsekera nambala ija, n'kulowa kuchipinda kukalira ndi pilo kukamwa.

Kushedi mawa lake anthu ankamuyang'ana chamseri. Ena mwa achinyamata aja sanabwere. Abwereranji, poti Mkokomo mwiniwake wanena kuti kwayera? Kapitawo sanakalipire aliyense tsiku limenelo, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawaopsa kwambiri anzake.

Mchimwene wake naye anangosowa. Anatuluka m'mawa ndi fosholo, osabwerera. Anangotumiza uthenga kwa amayi kuti asade nkhawa, ali bwino.

Loweruka m'mawa, Kapitawo akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kuntchito, amayi anakuwa pabalaza.

"Iwe! Tathamanga! Si achimwene ako awa? Ndipo avala jekete ya malemu bambo ako!"

Anathamanga nsapato imodzi ili kumanja. Zoonadi! Pa pulogalamu ya m'mawa, imene imaulutsidwa pomwepo anthu akuonera, panali mchimwene wake, atakhala chowuma ngati mtengo, ndowa ili pamiyendo. Pambali pake panali Mkokomo, maso ali psuu, ndevu zosameta.

"Tauzidwa kuti mwabwera kudzakondwerera kutha kwa ntchito," anatero mayi woulutsa pulogalamuyo.

"Ayi, mayi. Ndabwera kudzapepesa," anayankha Mkokomo. "Mawu amene mwakhala mukuwamva ndi anga, koma anawadula mutu. Ine ndinanena kuti, 'Tisapume, tisatope, mpaka tsiku limene tidzanene kuti gombe lathu layera.' Amene anali manejala wanga anapereka mawuwo ku kampani ine osadziwa. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinasaina mapepala osawawerenga. Nayi kanema yonse, ili mufoni muno, muionetse."

Anaionetsa. Mawu onse anamveka, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Tsono achimwene," anatero Mkokomo, "aonetseni anthu gombe loyeralo."

Msodzi uja anaimirira, n'kukhuthula ndowa yonse patebulo lagalasi. Mchenga wakuda, wonanda, unayenderera mpaka pakapeti. Woulutsa uja anadumpha atagwira mphuno.

"Ndakumba dzulo m'mawa, pomwe ana athu amasewera," anatero msodziyo. "Ndakwera nayo basi. Kondakitala anafuna kunditsitsa kawiri chifukwa cha fungo."

Mkokomo anayang'ana kamera mwachindunji.

"Makina asachoke. Achinyamata, bwererani kugombe. Ndipo pali munthu wina amene sakuyankha foni yanga. Sindimutchula, angandiphe. Ndikungoti, duwa langa, sindinakunamize."

Kapitawo anangokhala pansi, pasimenti penipeni.  Anapuma mpweya wautali, kenako anayamba kuseka, misozi ili chuchuchu.

"Sanandinamize, amayi! Mwamva? Sanandinamize!"

"Ndamva, ndili ndi makutu. Koma jekete ija akaidetsa ndi phula, mchimwene wakoyo andidziwa."

Anatsekula nambala ija. Mauthenga anagwa ngati matalala, foni mpaka kutentha. Womaliza unali waufupi: "Ukhoza kundida, koma yatsa TV Loweruka m'mawa. Chonde."

Pofika masana nkhani inali ponseponse. Akuluakulu oona zachilengedwe analamula kuti kanema yabodza ija ichotsedwe, ndipo makina akhalebe mpaka akatswiri atayeza mchenga ndi madzi. Lamulungu m'mawa gombe linadzaza anthu kuposa kale, ena atanyamula mafosholo a kunyumba kwawo.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, geti ya kunyumba inalira. Analowa mchimwene wake, jekete ataipinda bwinobwino pamkono. Pambuyo pake panali Mkokomo, chipewa chili m'manja, akuyenda ngati mwana wa sukulu amene waitanidwa ku ofesi ya ahedi.

Kapitawo anaima pakhonde. 

"Ndinakuweruza osakumva," anatero. "Pepa."

"Ukanapanda kukwiya ndikanadabwa. Ine ndemwe nditaiona kanemayo ndinafuna kudzimenya mbama." Anasendera pafupi. "Koma masiku awiri aja, wokondedwa, usadzandichitenso. Ndinkaimba nambala yako ngati wamisala. Ndinayesa foni ya mlonda wa pahotela, nayonso sunayankhe."

"Nambala zachilendo sindiyankha."

"Ndiye n'chifukwa chake ndinakagwira mwendo achimwenewa."

"Ine musandilowetsemo," anatero msodzi uja akulowa m'nyumba. "Ndanyamula ndowa, zakwana."

Anatsala awiri. Kapitawo anaponya mutu wake pachifuwa pa Mkokomo, n'kumva mtima wake ukugunda mothamanga kuposa wake.

"Nanga ntchito yako?" anafunsa chapansipansi. "Manejala wapita, kampani ikuopseza zokutengera kukhoti."

"Anditengere. Ndikakhuthulanso ndowa ina kumeneko. Chimene ndikuopa ine ndi chimodzi chokha."  Munthu woimba pamaso pa chikhamu cha anthu uja, lero lilime linamulemera. "Ndikufuna ndibwere ndi abale anga adzaonane ndi amayi. Ndikufuna ukhale mkazi wanga. Ukuti bwanji?"

 Kapitawo asanayankhe, katani ya pawindo inagwedezeka.

"Tayankha msanga, mwana iwe!" anakuwa amayi ali m'kati. "Ine miyendo yatopa kuima pawindo pano, ndipo tiyi akuzizira!"

"Amayi inu!"

Mkokomo anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. Kapitawo anabisa nkhope m'manja, kenako anasuzumira pakati pa zala.

"Eya," anatero. "Ndavomera. Tsono pukuta mapazi, tilowe."