Nyenyezi Yachinayi

Nyengo yozizira inali itangotha, mitengo ikuphuka, kumwamba kuli mbee. Madamu, mphunzitsi wa sayansi amene ankakhala pansi penipeni pa nyumba yosanja, anamaliza kuchonga makope cha pakati pa usiku. Mawa lake anali ndi phunziro la nyenyezi, ndipo sankafuna kukauza ana a eni zinthu zimene iwo sanazione ndi maso awo. Amuna awo, dalaivala wa matilaki, anali atatha masiku atatu pa ulendo. Madamu anatenga tochi ndi mapu a nyenyezi n'kukwera masitepe mpaka padenga, pamene anthu a m'nyumbamo amayanika zovala.

Nyenyezi za Nsangwe anazipeza msanga, zitaunjikana ngati mchere wotayikira pansi. Kenako anapeza Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana, n'kuziwerenga mokweza ngati ali m'kalasi.

"Mwalakwitsa, mayi. Werenganinso."

Wolankhulayo anali mzimayi wamtali, ali kuseri kwa chingwe, akuanula zovala atawafulatira. Madamu anayesa ndi mlendo wa anansi. Anaseka pang'ono n'kumuuza kuti buku limati zitatu, ndipo iwo akhala akuphunzitsa zimenezi zaka khumi. Komabe anayang'ananso.

Zinalipo zinayi. Yachinayiyo inali kumapeto kwa mzere, yofiirira, yosaphethira ngati zinzake. Pa mapu panalibe. Madamu anakweza dzanja.

"Musailoze," anatero mzimayiyo.

Koma chala chinali chitaloza kale.

Mphepo inaleka. Agalu a kuseri kwa mpanda anangoti zii. Ankamveka ndi madzi okha, akudontha kuchokera ku zovala zimene mzimayiyo ankapinda, chonsecho tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Madamu anayatsa tochi. M'manja mwa mzimayiyo munali shati ya buluu, yosokedwa pakolala ndi ulusi wakuda. Kolalayo Madamu anaisoka okha, ndipo amuna awo anachoka pakhomo atavala shati yomweyo.

Mzimayiyo anayamba kutembenuka pang'onopang'ono, ndipo tochi inazima.

Amene anawapeza Madamu ndi mlonda m'bandakucha, atatsamira thanki ya madzi, maso ali kumwamba, thupi lonse lili mame okhaokha. Mlondayo analumbira kuti chitseko cha padenga anachikhoma dzuwa lisanalowe, ndipo kiyi anagona naye m'thumba. Pachingwe panalibe ndi mpango womwe.

Tsikulo Madamu sanapite kusukulu. Anaimba foni ya amuna awo mpaka chala kuwawa, koma inkangoitana. Bwana wa kuntchito kwa amuna awo anati asadandaule, tilaki ili panjira.

Bambowo anafikadi patapita masiku awiri, opanda ndi bala lomwe. Za shati anati sakukumbuka kumene anaisiya. Koma munthu amene ankadzaza nyumba ndi nthabwala tsopano amadya ali duu, ndipo kukangoda amaima pawindo, milomo ikugwedera ngati akuwerenga nyenyezi. Akazi awo akawagwira paphewa, amangoti, "Zawonjezekera."

Anansi amanong'onezana pamasitepe. Namwino wa pamwamba akuti Madamu si oyamba kukumana ndi mzimayiyo. Akuti telala amene ankakhala m'zipinda zomwezo kale anayambanso choncho, kuima pawindo, mpaka usiku wina anatuluka opanda nsapato, ndipo mpaka lero abale ake akumufunabe.

Masiku ano Madamu amagona atatseka makatani onse, mwendo wawo utapingasa pa mwendo wa amuna awo, kuti akangosuntha amve.