Chingwe cha M'khoma

Nkhani iyi musaiyese nthano. Ine ndinaimva kwa mmisiri wa pulasitala yemwe anali pamalopo, munthu wosamwa mowa, woti ngakhale nthabwala sazidziwa. Pambuyo pake mwini nkhani anandionetsa dzanja lake, ndipo chipseracho ndinachiona ndi maso angawa.

Mwini nkhaniyo anthu amangomutchula kuti Wamawaya. Ntchito yake ndi yoyala mawaya m'nyumba zatsopano, makoma asanapakidwe pulasitala. Osati a magetsi okha ayi, koma aja a masiku ano, oti nyimbo zizimveka chipinda chilichonse, kanema azioneka pabalaza ndi kuchipinda komwe, geti lizitseguka ndi foni mwiniwake ali khale pampando. Amagoba makoma n'kulowetsamo mapaipi apulasitiki, ndipo mapaipi onsewo amakathera m'kachipinda kamodzi komwe kumadzakhala makina.

Kudutsitsa waya m'paipi ndi ntchito ya anthu awiri. M'paipimo mumayamba mwalowa chingwe chopyapyala cha nayiloni. Wina amamangirira waya kunsonga ya chingwecho, n'kuika pakamwa pa paipi, kuitana kuti, "Kokani!" Paipitu imanyamula mawu kuposa foni. Mnzakeyo, ali kuchipinda china, amakulunga chingwe padzanja n'kuyamba kukoka.

Nyumba ya nkhaniyi inali ya mlongo wake wa Wamawaya, nyumba yosanja. Mayiyo anali woyembekezera, atadikira zaka zambirimbiri, mpaka anthu anali atasiya kufunsa. Wamawaya analumbira kuti chipinda cha mwanayo achikonza kuposa zonse. Anaikamo paipi ya sipika yoti mwana akalira mayi ake azimva ali pansi, paipi ya kamera, ndi ina yapadera m'munsi mwa khoma, yopanda waya. Umu ndi momwe amachitira m'chipinda chilichonse: amasiya paipi imodzi ili ndi chingwe chokha, kuti eni nyumba akadzafuna waya wina mtsogolo asadzagumule khoma.

Loweruka lililonse mlamu wake, mwamuna wa mlongo wakeyo, ankabwera kudzathandiza. Munthu wa muofesi, manja ofewa, koma pakamwa posatseka.

"Alamu," ankatero, "mwana wanga adzayamba kudziwa nyimbo asanadziwe bambo ake."

"Bola nyimbo," ankayankha Wamawaya. "Bambo akewo angamuphunzitse chiyani, zolongolola?"

Tsiku lake linali Loweruka masana. Kunja kunali mitambo yamvula, m'nyumba muli mdima wa chizimezime ndi fungo la simenti yaiwisi. Wapulasitala anali pabalaza akupaka khoma. Wamawaya anagwada m'kachipinda ka makina, pansi pa masitepe, pomwe mapaipi onse anatulukira m'khoma, iliyonse ili ndi chingwe chake chikulendewera. Mlamu wake anali atakwera kuchipinda cha mwana ndi mpukutu wa waya.

Mawu anatuluka m'paipi ina.

"Kokani, alamu."

Anali mawu a mlamu wake ndithu, ndi kakusasa kake komwe. Wamawaya anakulunga chingwe padzanja lamanja n'kukoka. Chinalemera. Anakokanso, chinayamba kubwera pang'onopang'ono. Koma chinali chonyowa, chozizira, ndipo chinkanunkha dothi, dothi lapansi kwambiri lokumbidwa kumene. Iye anadabwa. Madzi alowa bwanji m'paipi, denga lili kale?

Anapitiriza kukoka. Chingwe chinaunjikana pamaondo pake, waya osaoneka. Paipi imeneyo anaiyala yekha, kutalika kwake ankakudziwa, ndipo chingwe chomwe anali atatulutsa chinali chitapitirira kalekale.

"Alamu, mwamanga chiyani kumeneko?" anafunsa pa paipipo.

Zii.

Kenako kumbuyo kwake kunamveka kulira kwa mabotolo.

"Mukuyankhula ndi yani, alamu?"

Wamawaya anacheuka. Mlamu wake anali ataima pakhomo, mabotolo a zakumwa ali m'manja, phewa litanyowa ndi mvula. Anali atatsikira masitepe akumbuyo kupita kugolosale.

"Kumwamba kuli ndani?"

"Kulibe munthu."

Wamawaya anayang'ananso paipi ija. Anafuna kumasula chingwe padzanja, koma zala zinakana. Ndipo m'paipimo munatulukanso mawu, motsitsa, ngati munthu wonong'oneza mnzake m'tchalitchi.

"Tsopano ndikoke ine."

Chingwe chinakungika. Mulu wonse uja unathamangira m'khoma, fyuu! Dzanja linamenyeka pakamwa pa paipi. Nayiloni inalowa m'mnofu. Wamawaya anakuwa. Mlamu wake anataya mabotolo, n'kumugwira m'chiuno, koma awiriwo chinawakoka ngati ana. Wapulasitala ndiye anabwera chothamanga, n'kutola pulayala pansi, kudula chingwecho. Nsonga yake inalowa m'paipi n'kuzimirira.

Mvula inali waa padenga.

Atamanga dzanja ndi malaya, atatuwo anakwera kumwamba ali mundondo, wina osafuna kutsogola. M'chipinda cha mwana munalibe kanthu. Mpukutu wa waya unali pomwe mlamu anausiya, wosamasula. Paipi yomwe Wamawaya ankakoka inali yapadera ija ya m'munsi. Nsonga ya chingwe chake inali gone pansi, youma, fumbi lili pamwamba pake. Sinasunthe n'komwe.

Mlamu anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Ndi khoswe ameneyo."

"Khoswe amadziwa kunena kuti alamu?"

"Ndiye mwati tigumule nyumba?"

"Mwana asadzagone muno. Ndapota nanu."

Madzulo ake Wamawaya anakauza mlongo wake zonse. Mayiyo anagwira mimba yake, nkhope itagwa.

"Achimwene, musandiopseze ndili chonchi. Bambo a kunyumba akuti mwatopa, dzanjalo linakodwa lokha."

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la munthu amene wamanga nyumba yake yoyamba silitsinika. Wamawaya anachita zomwe akanatha. Anasolola chingwe chija n'kuchitentha. Anathira simenti m'paipimo, kumwamba ndi pansi pomwe, mpaka inadzaza. Wapulasitala anapaka pamwamba pake, mokhuthala, ndipo akuti tsiku limenelo anaweruka dzuwa likadali pamutu.

Nyumba inatha, yokongola kwabasi. Mwana anabadwa, wamkazi, wamasaya. Anagona m'chipinda chomwecho. Wamawaya ankabwera pafupipafupi, ati kudzaona mwana wa mlongo wake, koma asanamunyamule ankayamba wagwada n'kugunditsa khutu pakhoma paja. Mlamu wake ankamuseka.

"Amalume afika, adokotala a makoma! Lero khoma likuti bwanji?"

Khoma silinanene kanthu. Miyezi inadutsa. Mwana anayamba kukhala, kenako kukwawa. Ngakhale Wamawaya mtima unayamba kukhala pansi, kungoti pulayala sankaisiya. Inkakhala m'thumba la thalauza ngakhale popita kukapemphera.

Tsiku lina masana anali pabalaza ndi mlongo wake, akumwa tiyi. Mlamu anali kuntchito. Mwana anali atagonekedwa kumwamba, sipika ya m'denga ili yotsegula kuti akadzuka amumve. Ankamva kupuma kwake, kofewa.

Kenako anamva mwana akuseka.

"Wadzuka kale," anatero mayiyo, akumwetulira.

Kunamveka kaphokoso ngati mchenga ukuthothoka pakhoma. Kenako mawu a mzimayi, achikondi, onyengerera.

"Koka, mwanangu. Koka."

Wamawaya anayang'ana mlongo wake. Mawuwo anali a mlongo wakeyo. Koma pakamwa pake panali kapu.

Kapu inagwa. Masitepe aja Wamawaya sakumbuka kuti anawakwera bwanji. Chitseko chinali chotseka. Anachikankha ndi phewa. Fungo la dothi lonyowa linamuwomba kumaso.

Mwana sanali pabedi. Anali khale pansi, moyang'ana khoma. M'munsi mwa khomalo munali kabowo, fumbi la simenti lili mbwee pansi. M'kabowomo munatuluka chingwe, chonyowa, ndipo chinali chitakulungidwa pakadzanja kake bwinobwino, monga amakulungira amisiri. Mwana ankaseka. Ankasendera kukhoma, atakhala chomwecho, miyendo osaigwiritsa ntchito.

"Mayo ine, mwana wanga!" anakuwa mayiyo ali pakhomo.

Wamawaya anadzigwetsa pakati pa mwana ndi khoma. Anagwira chingwe ndi dzanja lachipsera lija. Chinali chokungika ngati waya wa mpanda. Chinamukoka. Pulayala inaterereka. Anapananso. Thi!

Nsonga inalowa m'kabowo. M'khomamo munamveka kupuma kumodzi, kwakutali, ngati munthu wokhumudwa.

Pamenepo m'pomwe mwana analira.

Mlamu anafika ataitanidwa pafoni, tayi ili pambali. Anakwera, anaona kabowoko, anatsika. Nthabwala zinali zitamuthera. Anawapeza pabalaza, mkazi wake atakumbatira mwana.

"Alamu, munanena," anatero motsitsa. "Timusamutse chipinda lero lomwe."

Mayiyo anadzutsa mutu, n'kuyang'ana mchimwene wake, misozi ili chuchuchu.

"Chipinda chiti, achimwene? Mapaipiwa si munaika paliponse?"

Wamawaya anayang'ana makoma. Kuchipinda kwawo, kukhitchini, kubafa, pabalaza pomwepo kuseri kwa kanema, paliponse anasiya paipi yapadera ndi chingwe chake, ndi manja ake omwe, pofunira mlongo wake zabwino. Ndipo mapaipi onsewo ankakumana pansi pa masitepe.

Mwana anali atasiya kulira. Anatembenuka m'manja mwa mayi ake, n'kutambasulira kadzanja kotupa kaja kukhoma la kuseri kwa kanema. Anali asanayankhulepo chibadwire, ngakhale kunena kuti amama.

"Koka," anatero.

Onse anatuluka m'nyumbamo ndi zovala zomwe anavala zokha. Mpaka lero akukhala kwa Wamawaya, m'nyumba yakale yomwe mawaya ake amayenda poonekera, okhomedwa ndi timisomali. Yemwe ankaitana m'paipi ija palibe akumudziwa. Anafunsa amene anagulitsa malowo, iye anati panali thengo chabe.

Mwanayo akukula bwino, akuyenda, akuyankhula. Koma m'nyumbamo mulibe chingwe, ngakhale choyanikira zovala, ndipo nsapato zonse ndi zopanda zingwe. Mlendo akaiwala n'kuvula zake pakhomo, amakamupeza mwanayo atasolola chingwe cha nsapato, atachikulunga padzanja, ali chete kuyang'ana khoma. Amakhala akudikira.