Kalata Yakubanki ndi Mafuta Owira

Tsiku limene analandira makiyi, namwino wina ndi mng'ono wake anavina m'chipinda chochezera chopanda ndi mpando womwe. Nyumbayo anagula limodzi pa ngongole yakubanki, ndipo anagwirizana kuti mwezi ukatha aliyense azisonkha theka: mkuluyo pa malipiro akuchipatala, wamng'onoyo pa zomwe ankapeza kusaluni yake. Wokapereka kubanki anali mwamuna wa namwinoyo, dalaivala wa pakampani ina, popeza ndiye ankadutsako tsiku lililonse. Kwa zaka ziwiri m'nyumbamo munali kuseka kokhakokha.

Kenaka kunabwera kalata. Miyezi inayi inali isanalipidwe, ndipo banki inkaopseza kulanda nyumbayo.

Atafunsidwa, bamboyo anakanda m'mutu akuyang'ana kumbali.

"Mlamu wangayu anasiya kusonkha kalekale. Ndimangoopa kukuyambanitsani."

Namwinoyo anapita kuchipinda kwa mng'ono wake, kalata ili m'manja.

"Iwe, ndalama za nyumba ukupita nazo kuti?"

"Achemwali, ndipatseni masabata awiri, ndikonza. Musandifunse zambiri."

Yankho limenelo linamununkhira. Ndipo mawa lake, mayi wa pagolosale akumupatsa chenji, anathira mchere pabala.

"Inu mukakhala kuntchito, galimoto ya bambo imaima kuseri kwa saluni, chitseko n'kutsekedwa. Koma ine sindinanene kanthu."

Nsanje ikalowa mumtima, munthu amasiya kufunsa, amangotolera umboni. Namwinoyo anayamba kununkhiza malaya a mwamuna wake. Kapu yomwe wamwera mng'ono wake ankaitsuka kawiri. Mwana amene iye anamubereka kumbuyo mayi awo atamwalira, tsopano akangomumva akutafuna patebulo, ankadzuka n'kusiya mbale yake.

Lachisanu masana anathawa kuntchito n'kukasuzumira pawindo la saluni. Anaona mng'ono wake atagwira bamboyo pamalaya, akulira, bamboyo akunong'ona kuti, "Chonde usamuuze, banja langa litha." Sanalowe. Anangobwerera kunyumba.

M'mawa mwake mng'onoyo anamupeza kukhitchini akukazinga nyama.

"Achemwali, pali nkhani."

"Nkhani yake ndikuidziwa. Nyumba ukufuna yaulere, mwamuna ukufunanso waulere. Ndinakuona dzulo, wopanda manyazi iwe."

"Simunamve zonse. Alamu ndi amene..."

"Usamutchule pakamwa pako ponyansapo."

"Mukapanda kundimvera lero, mudzalira nokha."

Namwinoyo anamva ngati akumunyogodola. Ananyamula chiwaya chija n'kumukhuthulira mafuta owira kumaso. Kukuwa kwake kunatulutsa anthu mumsewu wonse. Manja omwe ankatsuka mabala a alendo tsiku ndi tsiku anali atasenda nkhope ya m'bale wake.

Kukhoti mng'onoyo analankhula nsalu itaphimba theka la nkhope, diso limodzi litafa. Anaonetsa mauthenga a pafoni. Sanaphonyepo kusonkha mwezi ndi umodzi womwe. Ndalama zonse, zake ndi za mkulu wake, bamboyo anazitha pobetcha mpira. Mng'onoyo atazindikira, ankamuitanira kusaluni kuti amukakamize kubweza, ndipo anali atayamba kugulitsa makina ake oumitsira tsitsi kuti atseke ngongoleyo mkulu wake asanadziwe.

"Ndimafuna kuwapulumutsira banja," anatero, osamuyang'ana mkulu wakeyo.

Bamboyo sanakane kanthu. Anakhala pabenchi atapinda miyendo, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Namwinoyo anamuyang'ana, n'kukumbukira kuti ameneyu ndiye anamumenyera nkhondo, ndipo anasanza m'bokosi la oimbidwa mlandu momwemo.

Woweruza anati mkangano wa ngongole unali wotheka kuuthetsa ndi ulendo umodzi wakubanki, awiriwo kukafunsa limodzi kuti walipira ndani. Anagamula kuti namwinoyo akakhale kundende zaka khumi.

Nyumba ija banki inagulitsa. Bamboyo anasamukira kwa mkazi wina chaka chisanathe, ndipo kundende sanapondeko. Mng'onoyo anatumiza sopo ndi bulangete kudzera mwa mlonda, koma popanda mawu aliwonse.

Lero namwinoyo amagona pasimenti pafupi ndi chidebe cha zonyansa, ndipo fungo lake salimvanso. Chimene chimamunyansa ndi manja ake. Anakhulupirira wabodza chifukwa ankagona naye, n'kukana kumvetsera woona kwa mphindi imodzi yokha. Mphindi imeneyo ndi yomwe akuilipira, ndipo zaka khumi sizidzaikwanira.