Tsamba Lokana Kutuluka M'kompyuta

Foni ya amayi inalira Nadziwa akusita yunifolomu yake. Anali achemwali aakulu a Nadziwa, amene ankagwira ntchito kutali.

"Iwe, linki wanditumizira uja sakutseguka. Ndadinapo mpaka chala chauma."

"Ndi netiweki yanu imeneyo, achemwali," anayankha Nadziwa mosaganiza n'komwe. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, poti funso lililonse iye ankakhala ndi yankho lake, loona kaya lopeka.

Koma yankho la netiwekili linali lopeka. Kwa milungu itatu, m'chipinda cha makompyuta kusukulu, anali akupanga tsamba la pa intaneti loonetsa madiresi amene amayi ake ankasoka. Amayiwo anali atalengeza kale kwa makasitomala onse kuti Loweruka aona zovala zawo pa foni.

M'mawa mwake, nthawi yopuma itakwana, anathamangira pa kompyuta yake ya pafupi ndi zenera, ija yosowa batani limodzi. Tsamba linatseguka bwinobwino, diresi lobiriwira lili pamwamba penipeni. Anasamukira pa kompyuta yoyandikana nayo n'kulemba linki yemweyo. Zii. Anayesa yachitatu. Ziinso. Manyazi anayamba kuchepa, chidwi n'kukula. Tsambali likukhala kuti kwenikweni? Anafika posuzumira kuseri kwa kompyuta, kumene kunali mawaya ndi fumbi basi.

"Wataya chiyani kumeneko?" Anali aphunzitsi a makompyuta, kapu ya tiyi ili m'manja.

Nadziwa anadzutsa mutu. "Aphunzitsi, tsiku lija munkaphunzitsa za hositing'i ndinkangogwedeza mutu. Sindinamve kanthu."

Aphunzitsi anakoka mpando, n'kuloza linki uja. "Ukuona akuyamba ndi C ndi timadontho tiwiri? Imeneyi ndi njira ya m'kati mwa kompyuta ino yokha. Tandiuza, amayi ako akasoka diresi n'kulitsekera m'sutikesi kuchipinda, wodutsa mumsewu angalione?"

"Ayi. Amalipachika pawindo la shopu."

"Tsamba lako likadali m'sutikesi. Windo lake ndi seva, kompyuta imene sizimitsidwa ndipo imakhala yolumikizidwa ku intaneti nthawi zonse. Kupatsidwa malo pa sevayo ndiye hositing'i."

"Nanga munthu adziwa bwanji windo langa, ma seva ali mbwee?"

"Ndi domeni. Ndi dzina la tsamba lako, ngati chikwangwani cha pashopu. Munthu akalilemba mu burawuza, pulogalamu ija timatsegulira masamba, burawuzayo imapita kukatenga tsambalo ku seva."

Sukulu inali ndi malo pa seva osungira ntchito za ophunzira. Nadziwa anakweza mafayilo ake pa sevayo yekha, aphunzitsi akungoloza ndi supuni. Ulendo woyamba anaiwala foda ya zithunzi, ndipo tsamba linatuluka ndi timabokosi topanda kanthu. Anaseka, n'kufunsa chifukwa chake, n'kubwerezanso. Belu linalira ali pa funso lachisanu ndi chiwiri.

Madzulo, Nadziwa atawatumizira linki watsopano, achemwali aja anaimbanso, mawu ali m'mwamba. "Latseguka! Anzanga kuno akulimbirana lobiriwiralo. Koma mwana iwe, chithunzi cha amayi wachiika chozondoka!"

Amayi anasiya kupalasa makina, navala magalasi, n'kuyang'anitsitsa pa foni kwa nthawi ndithu. Anagwira diresi lobiriwira lenilenilo, limene linali pa hang'ala pambali pawo, ngati akufuna kutsimikiza kuti silinachoke.

"Ndiye ukuti zovala zangazi zili mu kompyuta ya eni ake, yosazimitsidwa?"

"Eya, amayi. Seva."

"Nanga kumeneko magetsi akathima, madiresi anga amapita kuti?"

Nadziwa anatsegula pakamwa. Yankho lopeka linali litafika kale pa lilime, lokoma ndithu. Analibweza. Anatenga bolopeni, n'kulemba funso la amayi pachikuto cha kope lake.

"Sindikudziwa, amayi. Mawa ndikafunsa."