Poto Wokondera

Dalisay ankafuna kuphika mpunga yekha. Amayi ake, a Nanay, anali kubwera Loweruka. Iwo anakhala kunja kwa dziko zaka ziwiri, pa ntchito ya unamwino. Dalisay anawasowa kwambiri. Ankafuna kuti mbale yawo yoyamba aphike iye.

Mchimwene wake wamkulu anali a Kuya Ramil. Iwo ankakonda kupanga zipangizo. Anapanga poto wolankhula, wophunzitsa anthu kuphika. Potoyo anali ndi kadiso pa chivindikiro. A Kuya ankamunyadira ngati mwana wawo.

Lolemba Dalisay anayesa.

"Tsukani mpunga kawiri," anatero poto.

Dalisay anatsuka kawiri.

"Ikani nsonga ya chala pamwamba pa mpunga. Thirani madzi. Afike pa mzere woyamba wa chala."

Dalisay anathira. Kwawo ku Batangas aliyense amayeza madzi choncho.

Koma mpunga unatuluka wolimba gwa. Ngakhale nkhuku zinayamba zauyang'ana kaye. Lachiwiri unalimbanso. Lachitatu unapserera pansi. Koma akaphika a Kuya, mpunga unkafewa bwinobwino.

Dalisay anayamba kumukayikira poto uja. Kadiso kaja sikanamusangalatse. Kodi kankamuseka? Kodi poto ankawanong'oneza a Kuya zina?

"Poto wanuyu ndi wokondera, a Kuya," anatero Dalisay.

A Kuya anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati poto alibe mtima. Anati vuto ndi Dalisay, samvetsera. "Makutu akowo ndi okongoletsa mutu chabe eti?"

Zinamuwawa Dalisay. Loweruka linali pafupi.

Lachinayi masana anabisala kuseri kwa thumba la mpunga. Ankafuna kumugwira poto akunong'ona. A Kuya analowa kudzaphika. Dalisay anatchera khutu.

Poto ananena mawu omwe aja. Tsukani kawiri. Ikani chala. Thirani madzi. Sanawonjezere kanthu.

Nanga chinyengo chinali pati? Dalisay anasuzumira. A Kuya anathira madzi. Anathirabe. Anathirabe. Madzi ambiri chonchi?

Dalisay anayang'ana chala cha a Kuya. Kenako anayang'ana chake. Anatuluka pobisala paja. Anaika chala chake pambali pa cha a Kuya. Cha a Kuya chinali chachitali ngati therere. Chake chinali kachala chabe. Mzere wake unali m'munsi.

"A Kuya, potoyu munamuphunzitsa ndi chala cha ndani?"

A Kuya anangoti kukamwa yasa. Anakanda m'mutu.

"Ndi changa," anayankha chapansipansi. "Changa chokha. Pepa, Dalisay."

Lachisanu anagwira ntchito limodzi yophunzitsa poto zala za anthu osiyanasiyana. Dalisay anaitana anzake onse. Anaitananso amayi ogulitsa nsomba zouma. Kadiso kanaona zala zazitali. Kanaona zala zazifupi. Kanaona zonenepa ndi zowonda.

Loweruka linafika.

"Onetsani chala kaye," anatero poto. "Chala chanu ndi chachifupi. Madzi apitirire mzere pang'ono."

Dalisay anathira. Koma sanamukhulupirirebe potoyo. Anakhala pompo, kumuyang'ana diso ndi diso. Sanasunthe mpaka mpunga unapsa.

A Nanay anafika ndi chikwama chachikulu. Dalisay anatenga dzanja lawo. Analigunditsa pa chipumi pake, monga mwa ulemu wa kwawo. Kenako anathamangira mbale.

A Nanay anadya. Mpunga unali wofewa. Unali woyera mbee.

"Waphika ndani?" anafunsa.

A Kuya sanaloze poto. Analoza Dalisay.

A Nanay anagwira kachala kaja. Anakayang'ana nthawi yaitali. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Kakula ine kulibe," anatero.

Kenako anamupatsa Dalisay mbale ija.

"Onjezera, mwanawanga. Udzaze."